Zala za Abiti Juma

Dzulo tinachita sadaka ya chaka ya apongozi anga, Abiti Juma. Mpunga unaphikidwa, ashehe anawerenga dua yopempherera malemu, anthu anadya n'kubalalika dzuwa lisanapendeke. Palibe amene analira, ndipo eni ake akanakhalapo akanakondwa, chifukwa kwa iwo mkazi wolira kwambiri pamaliro amakhala akuthawa kutunga madzi. Ine ndinatsala ndikutsuka mbale. M'madzi a sopo muja ndinangozindikira ndikuchita zimene ndimachita m'mawa uliwonse: kupinda zala, kuzitambasula, kuona ngati zikundimverabe.

Kwathu kuno m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, mkazi akamwalira amasambitsidwa ndi akazi anzake asanakulungidwe m'sanda, nsalu yoyera ya kumanda ija. Si ntchito yongolowa. Ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo munthu saikidwa isanachitike. Kuyambira pamene anthu anabwerako ku Malawi nkhondo itatha, m'mudzi mwathu ntchito imeneyi inali ya Abiti Juma. Uthenga wa maliro unkafika kwa iwo usanafike kwa ena a pabanja. Ankasiya chilichonse chimene ali nacho m'manja, n'kumanga kapulana wakuda, chitenje chawo cha pamaliro, m'chiuno, ulendo.

Madzi ankawafunditsa okha, n'kuwayesa ndi chigongono ngati akukasambitsa khanda. Ankati wakufa amamva kuzizira, kungoti alibe pakamwa podandaulira. Ankalankhula naye pomutchula dzina, kumuuza kuti tsopano tikukutembenuza, tsopano tikutsuka tsitsi, usadzidzimuke. Akatuluka m'nyumbamo, zimene aona zinkatsala momwemo. Akazi okonda nkhani ankawazungulira, kufuna kumva ngati malemu anali ndi zipsera za kumenyedwa kapena pathupi pobisa, koma ankangomva kuti madzi anali okwanira. Chiphunzitso chawo chinali chakuti wosambitsa maliro amaika lilime lake m'manda limodzi ndi mtembo.

Musaganize kuti anali munthu wofatsa. Lilime loikidwa m'manda lija linkadzuka likafika kunyumba, ndipo linkadzukira ine. Ndinabadwira ku Malawi makolo anga ali othawa nkhondo, choncho kwa iwo ndinalibe dzina lina koma "wa ku Malawi". Tiyi wanga ankati ndi madzi otsukira kapu. Ndikasesa ankati ndikungosamutsa fumbi. Ndinkawaopa, nthawi zina ndinkadana nawo, ndipo ndawasowa kwambiri.

Pakakhala palibe maliro ankawamba milamba. Asodzi akakocheza mabwato, iwo ankagula, n'kukhala tsiku lonse ataweramira moto wa nkhuni zaziwisi, utsi uli tolo, maso ali psu. Anayamba ntchito imeneyo ali mtsikana. Chifuwa chawo chinkamveka munthu akadali kuseri kwa mpanda, ndipo mano anawathera msanga chifukwa usinini unkatupa n'kumatuluka magazi. Palibe amene ankaganiza kuti zimenezi zili ndi kanthu ndi manja.

Anthu amene anawadziwa kumapeto amakumbukira zala zokha. Zinapendekera kumbali ya kachala kakang'ono, zonse pamodzi, ngati mpunga umene wagona ndi mphepo. Mfundo zake zinatupa, zina zinapindikira m'kati osatambasukanso. Koma sizinayambe choncho. Zinayamba ndi kuuma kwa m'mawa. Ankadzuka manja ali gwa, osatha kumanga kapulana, mpaka dzuwa litakwera ndithu. Kenako zikhatho zinayamba kutentha ndi kutupa, dzanja ili ndi linzake mofanana, ndipo mayi amene ankayenda wapansi kupita ku Insaca n'kubwerako tsiku lomwelo anayamba kugona masana. Zikatero mwezi, zinkaleka, ife n'kumati zatha. Zinkabweranso zitatenga malo ena.

Amene anapatsa nthendayi dzina anali Abiti Ndala, mnzawo wa paubwana, amene anathawa naye nkhondo m'bwato limodzi ndipo ankakangana naye chilichonse kuyambira mtengo wa nsomba mpaka tsiku looneka mwezi. Sindikhulupirira kuti ananena mwa nkhanza. Anangoti pachitsime, munthu amene wagwira akufa zaka zonsezi, akufawo nawonso ayamba kumugwira. Mawuwo anayenda. Anthu anayamba kuona kuti zala zija zikupindika monga zimapindikira za mtembo. Akazi awiri amene ankathandiza kuthira madzi anayamba kudwala mutu tsiku lililonse la maliro. Abiti Juma ankafuna wophunzira, chifukwa ankadziwa kuti manja akuwathera, koma aliyense amene anamuitana anali ndi mwana wodwala kapena munda wolimira.

Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali chimenecho. Ululu ankaupirira. Koma ankati tsiku likubwera limene mkazi wa m'mudzi uno adzagona pamphasa mpaka kununkha, anzake ali panja kubisa manja m'kapulana.

Mwamuna wanga atakakamiza, ndinawaperekeza kuchipatala ku Insaca, ndipo kumeneko anatitumiza ku Cuamba kukatengetsa magazi. Zotsatira zitabwera, amene anatifotokozera anali tekiniko wa zachipatala, wachizimayi, wolankhula Chinyanja chopendekera ku Chimakuwa. Anagwira manja aja mosanyansidwa, n'kumadina mfundo imodziimodzi.

"Mama, munamvapo za asilikali a m'thupi?"

"Za asilikali ndinamvapo. Za m'thupi nenani."

Anati m'magazi a munthu aliyense muli asilikali amene ntchito yawo ndi kuzindikira mdani, monga tizilombo ta matenda, n'kumupha. Koma pali anthu ena amene amabadwa ndi asilikali osachedwa kusokonezeka, ndipo zimenezi zimayenda m'mtundu. Mwa anthu otere, utsi wolowa m'mapapo zaka zambiri, kapena usinini wotupatupa, zimatha kusintha maonekedwe a tinthu tina ta thupi lomwelo. Asilikali aja akationa tasintha, amati ndi mdani, n'kuyamba kusula zida zolimbana nato. Zidazo zimayenda m'magazi zaka ndi zaka munthu ali bwinobwino, akulima, akuseka. Kenako nkhondo imafika m'mfundo, molumikizana mafupa, mmene muli kachikopa kopyapyala kotulutsa madzi oti mafupa aziterera. Kachikopako kakaukiridwa kamatupa, kamakhuthala, n'kuyamba kudya kafupa kofewa ka kunsonga, pambuyo pake fupa lenilenilo.

"Ndiye kuti zinayamba liti?" anafunsa apongozi.

"Mwina kale kwambiri, mama. Chala chisanapwetekepo n'chimodzi chomwe."

"Nanga akufa?"

"Akufa ati?"

Ndinafotokoza ine. Tekiniko uja sanaseke. Anati nthenda iyi sapatsirana, kaya kwa wamoyo kaya kwa wakufa. Anatipatsa mapilitsi omwa kamodzi pa sabata, oti asilikali aja afatse, koma ananena mosabisa kuti chimene chapindika kale sichiwongoka. Anawonjezanso kuti ngakhale zimayenda m'mtundu, ambiri a m'banjamo zimawalambalala.

Pobwerera tinakwera chapa, minibasi ya kuno, n'kudutsa minda ya fodya. Kenako apongozi anandiuza nkhani imene sindinaimvepo kwa wina aliyense. Nthawi ya nkhondo, anyamata ena a m'mudzi mwawo anapatsidwa mfuti kuti azilondera. Miyezi yoyamba anthu ankagona tulo. Koma mdani atachedwa kubwera, anyamata aja anayamba kumuona paliponse. Mayi wochokera kumunda ndi dengu ankati wakadyetsa adani. Nkhalamba yovala malaya achilendo ankati ndi kazitape. Nkhokwe yoyamba kupsa m'mudzimo anaitentha ndi ana obadwira momwemo, ndipo mmodzi wa iwo anali woyamwa bere la mayi awo a Abiti Juma.

"Anthu amenewo ndikuwadziwa," anatero akuyang'ana manja awo. "Ndimayesa ndinawasiya m'mbuyo pothawa nkhondo. Kani anakwera nane bwato."

Kuyambira pamenepo, mfundo zikatupa ankangoti anyamata adzuka. Anauza aliyense zimene anamva kuchipatala, koma anthu ankagwedeza mitu mwaulemu n'kumapita. Asilikali osaoneka sakanapambana zala zooneka.

Tsiku limene sindidzaiwala linabwera m'dzinja, chaka chimene manja aja analephereratu kufinya nsalu. Mariamu, mtsikana wa kuseri kwa mzikiti, anamwalira pobereka m'mamawa. Amuna anapita kukakumba manda, chifukwa ife sitigoneka maliro. Pofika masana manda anali atatha, sanda itadulidwa, madzi ali pamoto, koma m'nyumba munalibe wolowa. Akazi anadzaza bwalo, aliyense maso pansi. Mayi a malemu anali atakomoka kawiri. Ashehe anatumiza mawu kufunsa ngati tatha, kenako anatumizanso.

Abiti Juma anabwera atakwezedwa panjinga, pakuti mapazi nawo anali atatupa. Anaima pakhomo atatsamira chitseko, n'kukweza manja onse awiri kuti aliyense awaone.

"Mukudziwa nonse kuti malo obisika a wakufa timatsuka ndi dzanja lamanzere, titakulunga nsalu. Akufa akadakhala kuti akubwezera, akadayamba ndi limeneli. Taonani. Lasiyana pati ndi linzake? Nanga mapaziwa anasambitsa ndani?"

Anayankha Abiti Ndala, motsitsa mawu.

"Anzanga, akufa sasankha. Akalowa m'thupi alowa."

Ndinaona apongozi akuyang'ana m'gulu muja mpaka maso awo anaima pa Patuma, mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo. Patuma anali ndi mtsikana wake Awetu, amene anali pa chitomero ndi mdzukulu wa Abiti Ndala yemweyo, ndipo ukwati unali woti uchitike akakolola mpunga. Anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako ananena chimene banja lawo linabisa kuyambira kale.

"Mayi anga aang'ono anafa ndi manja ngati awa. Tinkawabisa m'nyumba ya kuseri, alendo akabwera tinkati apita kumunda. Munthu ameneyo ankaopa ngakhale nkhuku yakufa, sanagwirepo mtembo. Nthenda iyi ndi ya kwathu. Ili m'magazi a mtundu wanga, si ya akufa ayi. Mwanayu wagona m'nyumbamu alibe mlandu ndi munthu. Ambiri a kwathu imawalambalala, koma ndi ya kwathu."

Mawu otsirizawo, akuti imalambalala ambiri, palibe amene anawatola. Anthu anamva za magazi basi. Patuma anaimirira, n'kugwira Awetu padzanja, n'kutuluka pabwalo osatembenuka.

Apongozi sanamuitane. Anatembenukira kwa ine.

"Iwe wa ku Malawi, magazi anga ulibe. Lowa."

Ndinalowa pamodzi ndi mayi wina wamasiye amene anavomera kuthira madzi okha. Abiti Juma anakhala pampando chapafupi, manja ali pamiyendo, n'kumasambitsa Mariamu ndi pakamwa. Yamba kumanja. Usavule nsalu yonse. Muuze kuti ukumutembenuza. Pepuka dzanja, sukuchapa thumba. Mariamu anaikidwa dzuwa lisanalowe.

Ukwati wa Awetu sunathe ndi mawu. Ankhoswe anangoyamba kuchedwa, mpunga unakololedwa, mvula ina inagwa, mnyamata uja n'kukwatira kwina. Patuma anasamukira ku Entre Lagos kukagulitsa kusiteshoni, ndipo anatumiza mawu akuti mayi amene amakonda akufa kuposa mdzukulu wake akhale ndi akufawo. Abiti Juma sanadandaulepo pamaso panga. Ankangoti mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma sitima ikalira kutali mphepo ikuchokera kumeneko, ankasiya kulankhula pakati pa mawu.

Chowawa n'chakuti mtengo wonsewo unagula munthu mmodzi yekha. Akazi ena sanabwere. Ankati tiyeni tione kaye za wa ku Malawiyu. Pachitsime ankandipatsa moni akuyang'ana manja anga, ndikagwetsa chikho ankagwedezana. Apongozi anandiphunzitsa zonse, mwaukali monga mwa masiku onse, koma ankadziwa kuti munthu mmodzi si mudzi. Ndikadwala ine, kapena ndikapita kwathu, zinthu zikanabwerera pomwe zinali. Ndi Abiti Ndala sanasiye kukangana. Mnzawoyo ankabwera madzulo aliwonse kudzawathira tiyi m'kamwa manja akakana, uku akuwauza kuti ndi ouma mutu, iwo n'kumayankha kuti tiyi wake ndi woipa kuposa wanga.

Apongozi anamwalira chaka chatha nyengo yozizira, chifuwa chitawatsekera. Tinatumiza uthenga ku Entre Lagos osayembekezera kanthu. Ndinafunditsa madzi, ndinawayesa ndi chigongono. Abiti Ndala, amene moyo wake wonse sanalowepo m'nyumba yosambitsira, anati agwira nsalu yotchinga, poti mnzake sangapite ngati mlendo. Tili pafupi kuyamba, chitseko chinatseguka, n'kulowa Patuma, fumbi la njinga yamoto lili m'maso.

"Alamu, ndiuzeni chochita," anatero kwa ine.

Za thupi la apongozi anga sindinena, anandiphunzitsa okha. Ndinena za manja, poti anali odziwika kwa aliyense. Madzi amayenera kudutsa pakati pa chala ndi chala, koma zala zija zinali zitatsekana, ndipo sindinafune kuzikakamiza. Patuma anati amayi ake awagwira yekha. Anapinda manja a bulauzi, n'kutenga dzanja lija kuliika m'dzanja lake kuti ine ndidonthezere madzi m'mipata. Pamenepo ndi pamene ndinaona. Mfundo za Patuma zinali zotupa, zonyezimira, pa chala cholozera ndi chapakati. Ndinayang'ana dzanja linalo. Chimodzimodzi.

Abiti Ndala anasuzumira pamwamba pa nsalu imene anagwira.

"Zayamba liti, mwanawe?"

"Mvula ziwiri zapitazi. M'mawa sinditha kutsegula loko wa pabenchi." Anapukuta dzanja la mayi ake pang'onopang'ono. "Mtembo woyamba kuugwira ine ndi uno, Abiti Ndala. Mwaona nokha."

Titatha, Patuma sanatsitse manja a bulauzi. Anatuluka n'kukasamba m'manja pabwalo, pamaso pa akazi onse, mosafulumira. Pa maliro otsatira, akazi atatu anandipeza ndikufunditsa madzi n'kufunsa ngati angalowe nane. Lero tilipo okwanira, moti wina akadwala ntchito siima. Chimene Abiti Juma anachifuna zaka zonse zija chinabwera iwo atakulungidwa kale, ndipo chinabwera kudzera m'manja a mwana wawo. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa, sindidziwa ngati n'kuthokoza kapena kukwiya. Ine ndemwe, wodziwa bwino kuti nthendayi siichokera kwa akufa, sindinasiye kuyesa zala zanga m'mawa.

Patuma anayamba msanga mapilitsi aja, ndipo akuti akumuthandiza. Masiku ena amadzuka bwino, masiku ena Awetu ndiye amamumanga mpango. Dzulo anabwera ku sadaka. Anthu atabalalika anandipempha kuti tikaone nyumba ya mayi ake, imene sitinaigwetse ndipo simugona munthu.

Ndinali ndisanaione ndi maso a mlendo. Mwamuna wanga ankaikonza pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, nthenda ikatenga malo atsopano, moti ife tinazolowera. Pachitseko palibe chogwirira, pali chingwe cha kapulana chopota ngati goli, choti munthu alowetse mkono n'kukoka. Pakhomo anagumula chitunda kuti phazi lisapunthwe. Bedi analikweza ndi njerwa kuti podzuka mawondo asapindike kwambiri, ndipo pamwamba pake pakulendewera chingwe china chochokera kudenga. Mtsuko uli pachitsa, wopendekeka, woti ungokankha ndi chigongono madzi n'kutuluka. Masupuni ali m'chitini, onse okulungidwa nsanza kuchigwiriro mpaka kunenepa ngati chisononkho. Akangaude amanga m'makona, koma chiswe sichinalowe, denga silikudontha. Chilichonse chili pamalo pake, pamsinkhu wake, ndipo palibe chimene chimafuna zala.

Patuma anayang'ana zonsezi ali panja, kudzera pachitseko chimene ndinatsegula ine. Sanalowe. Anati titseke, kukuda. Ndinapita kuti ndikoke chitseko, koma iye anali pafupi kuposa ine. Analowetsa mkono m'chingwe chija osayang'ana n'komwe, ndipo chinamukwana.